Njinga inapuma, mphika sunapume

Kwathu kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, mawu akuti "mwanenepatu" si chipongwe. Ndi moni waulemu, wotanthauza kuti pakhomo panu pali mtendere ndipo amene amakuphikirani ali ndi dzanja labwino. Mwamuna akanenepa, chiyamiko chimapita kwa mkazi wake. Akaonda, mlandu umapitanso komweko. Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale kufupi ndi Mtakataka, ndipo kwa zaka 6 ndinkalandira chiyamiko chimenechi kumsika, kuchigayo ngakhale pamaliro, chifukwa cha thupi la bambo a kunyumba kwathu.

Nditakwatiwa nawo anali munthu wa njinga yakapalasa. Ankalima mpunga ku sikimu ya Bwanje, ija ya mahekitala 800 imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo akakolola ankanyamula okha matumba panjinga kupita nawo kumsewu wa M5, masiku ena mpaka ku Golomoti. Mpunga ukatha ankapita kunyanja kukapikula usipa. Munthu wopalasa ndi katundu wotero, padzuwa la kuno kuchigwa, akhoza kudya mitanda inayi masana, ina inayi madzulo, lamba osasuntha bowo. Kabuku kawo kakale ka kuchipatala kamasonyeza kuti ankalemera makilogalamu 66.

Kenaka zinthu zinayenda. Anagula njinga yamoto, anatsegula okala, ndipo kumunda anayamba kulemba aganyu. Palibe angawanene pa zimenezi, pakuti aliyense amene anakankhapo njinga ya matumba awiri pamchenga amadziwa chimene munthu amathawa. Koma mitanda inatsala inayi yomwe ija. Pamwamba pake panabwera zimene ndalama ya m'thumba imabweretsa pa malo a malonda: mandasi a m'mawa, chipisi cha pachiwaya, ndi botolo lozizira lochokera mufiriji ya mnzawo wa okala yoyandikana nayo.

Chimene chinawapititsa ku chipatala cha Mua ndi mutu umene sunkamva mankhwala. Sikelo inawerenga 88. Msinkhu wawo ndi masentimita 168, ndipo tepi itazungulira pamimba inaima pa 104. BP inali 158 pa 98, ndipo atawayezanso tsiku lina sinasinthe kwenikweni. Shuga wa m'magazi anali asanafike pa matenda, koma anali atadutsa malire abwino. Namwino anawauza mosapita m'mbali kuti mankhwala a BP ayamba, koma china chofunika kuchitika chili kukhitchini ndi m'miyendo yawo. Bambo awo, apongozi anga aamuna, anagona zaka zitatu pamphasa atachita sitiroko, mbali imodzi itafa, ndipo amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza anali mwana wawo yemweyu. Pobwerera kunyumba tsiku limenelo sanayankhule njira yonse.

Achipatala ali ndi kawerengedwe kotchedwa BMI: mumatenga kulemera kwanu m'makilogalamu, n'kugawa ndi msinkhu wanu m'mamita, kenaka n'kugawanso ndi msinkhu womwewo. Yankho likafika 25 thupi lapitirira, likafika 30 ndiye kunenepa kumene kumaitana matenda. La bambo linatuluka 31. Tepi ya telala imanenanso zoona mwina kuposa sikelo, chifukwa mafuta oopsa kwambiri ndi a pamimba: mwamuna akadutsa masentimita 94, kapena mayi akadutsa 80, chiopsezo chayamba kukwera.

Mawu akuti makalori ndinkawamva ngati nkhani ya anthu a ku Lilongwe. Koma ndi muyeso chabe wa mphamvu, monga mmene lita imayezera mafuta a njinga. Ine ndimaliona thupi ngati nkhokwe. Chakudya ndi chimanga cholowa, ntchito ndi chimanga chotuluka, ndipo chotsala thupi silitaya, limachisunga ngati mafuta. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti gawo lalikulu la chotulukacho, pafupifupi magawo awiri mwa atatu kwa munthu wokhala pansi, limapita ku ntchito zosaoneka: kugunda kwa mtima, kupuma, ubongo, chiwindi, kutenthetsa thupi. Zimenezi zimachitika ngakhale munthu ali mtulo. Gawo limene tingalisinthe ndi miyendo yathu ndi laling'ono kuposa mmene timaganizira.

Pokhala mphunzitsi ndinatenga choko. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Bambo anawonjezera makilogalamu 22 m'zaka 6. Mukachulukitsa n'kugawa ndi masiku a zaka zimenezo, mupeza makalori osakwana 80 patsiku. Amenewo ndi masupuni aang'ono asanu a shuga osadzaza. N'zoona kuti thupi likamakula limafunanso zambiri, kotero chakudya chowonjezeracho chinkakwera chaka ndi chaka, koma chotsalira m'nkhokwe tsiku lililonse chinali kakang'ono choncho. Munthu sanenepa ndi phwando la ukwati. Zimalowa pang'onopang'ono, osaona n'komwe.

Mabuku a zaumoyo amanena za kuyeza mbale iliyonse. Pakhomo pa anthu asanu odyera mphika umodzi zimenezo sizitheka, choncho ndinayeza zinthu zisanalowe mumphika, pa sikelo ya muokala. Paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 4,000, ndipo kwathu inkatha masiku 8. Bambo ankamwa makapu awiri a tiyi wa masamba a mandimu m'mawa, kapu iliyonse masupuni anayi odzaza mpaka phiri. Nditayeza masupuni asanu ndi atatuwo anakwana magalamu 56. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya tsiku, omwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, ndipo likuti theka la pamenepo ndiye bwino koposa. Bambo ankadutsa malirewo dzuwa lisanakwere. Zakumwa zotsekemera zambiri za m'mabotolo zili ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa mamililita 100 aliwonse, kotero botolo la 300 ml ndi magalamu enanso 30.

Mafuta ophikira ndiwo anandidzidzimutsa kwambiri. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya ufa, shuga kapena zomanga thupi ili ndi pafupifupi 4. Supuni yaikulu imodzi yokha ndi makalori 120. Botolo la malita awiri, lomwe ndi makalori opitirira 16,000, linkatha masiku 16. Ndiye kuti makalori 1,000 patsiku ankalowa m'ndiwo zathu popanda aliyense kuwatafuna. Ife akuluakulu tinakulira nkhwani zotendera ndi therere, mafuta tinkawaona pa Khirisimasi. Lero ndiwo zopanda mafuta oyandama pamwamba zimaoneka ngati za pakhomo losauka, ndipo mlendo akabwera dzanja limapendeketsa botolo lokha.

Nsima ndinaiwerenga motere. Ufa wa chimanga magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360, ndipo mpunga wosaphika uli cha pomwepo. Mphika wathu wa madzulo umadya ufa magalamu 700 ndipo chipande changa chimatulutsamo mitanda 11. Mtanda umodzi ndiye makalori pafupifupi 230. Zipande zimasiyana, choncho aliyense ayeze chake. Mitanda inayi kawiri patsiku ndi makalori opitirira 1,800 a nsima yokha, ndiwo tisanaziwerenge. Mwamuna wogwira ntchito yakalavulagaga amafuna 3,000 kapena kuposa patsiku, ndipo kwa iye zimenezo n'zoyenera. Wokhala pampando muokala amafuna cha m'ma 2,300.

Nditawaonetsa pepala langa, bambo analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, chakudyachi musachikhudze," anatero. "Vuto ndi njinga yamotoyi. Ndiyamba kuyenda pansi, muona."

Anayambadi, ndipo sanajombe. Ola lathunthu m'mamawa uliwonse, kwa mwezi wonse. Pakutha pa mwezi sikelo inatsika ndi theka la kilogalamu basi. Anakhumudwa kwambiri, koma masamu ake ndi osavuta. Munthu wa thupi lawo akayenda mwandawala ola limodzi amatentha makalori pafupifupi 300. Akafika pa okala ali thukuta kamukamu, njala itawirikiza, mandasi awiri ndi botolo limodzi zimabweza ola lonselo m'mphindi zisanu, chenji n'kutsala.

Palinso china. Mu 2012 katswiri wina dzina lake Herman Pontzer ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pakati pa anthu a mtundu wa Hadza ku Tanzania, amene amakhalira kusaka nyama ndi kukumba mizu, ndipo amayenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku. Atayeza mphamvu imene matupi awo amatentha patsiku, poganiziranso kukula kwa thupi, anapeza kuti sikusiyana kwenikweni ndi ya anthu a ku America ndi ku Ulaya. Zikuoneka kuti thupi likazolowera ntchito yambiri limadula ndalama kwina, ngati mayi wodziwa kusunga. Kwa ine izi zinamasulira chimene ndinkachiona pakhomo: miyendo yokha singathe kutulutsa zonse zimene pakamwa pakulowetsa.

Izi sizikutanthauza kuti kuyenda n'kutaya nthawi. Kumatsitsa BP, kumathandiza minofu kukoka shuga m'magazi, kumateteza minofuyo kuti isaphwe pamene munthu akuchepetsa chakudya, ndipo anthu amene amapitiriza kuyenda ndiwo kawirikawiri sabwerera ku thupi lakale. WHO imalangiza munthu wamkulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za ntchito yopumitsa mofulumirirapo. Ku America, kafukufuku wamkulu wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatenga anthu a shuga wokwera ngati wa bambo, n'kuwathandiza kuti ayesetse kutsitsa magawo 7 pa 100 aliwonse a kulemera kwawo ndi kuyenda mphindi 150 pa sabata. Chiopsezo chodwala matenda a shuga chinatsika ndi magawo 58 pa 100. Chiwerengero cha 7 chimenechi ndicho chinawalimbitsa mtima bambo. Sankafunika kubwerera ku 66. Pa 88, magawo 7 ndi makilogalamu 6 okha.

Tinagwirizana zochotsa makalori pafupifupi 500 patsiku, amene pa pepala amatsitsa theka la kilogalamu pa sabata. Shuga wa m'tiyi anatsika kufika supuni imodzi pa kapu. Botolo linasanduka madzi a mumtsuko, amene amanyamula m'chigubu. Madzulo mtanda umodzi unachoka, ndipo malo ake anadzaza ndi masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chilichonse cha nyengo yake. Mafuta ndinasiya kuthira kuchokera m'botolo, ndimayeza ndi supuni, ndipo botolo lija tsopano limadutsa mwezi. Usipa ndimauphika ndi tomato m'malo moukazinga. Nyemba, khobwe ndi nandolo zinachuluka, chifukwa zimakhalitsa m'mimba. Masana amatenga chakudya cha kunyumba m'bakuli, kuti fungo la pachiwaya liwapeze atakhuta.

Ufa tinasintha kupita ku mgaiwa. Pano ndinene mosabisa, chifukwa ambiri amasokoneza: mgaiwa suli ndi makalori ochepa kuposa ufa woyera. Ubwino wake ndi gaga amene amatsalamo, amene amachedwetsa njala ndi kusunga michere imene timaitaya pokonola ndi kuviika. Koma mitanda inayi ya mgaiwa ndi mitanda inayi ndithu. Chimodzimodzi mtedza: ndi chakudya chabwino kwambiri, koma magalamu 100 ali ndi makalori opitirira 550, ndipo munthu wokhala muokala akhoza kumaliza mbale yonse akucheza. Thobwa lothira shuga, mizimbe, ndi mango a Disembala odyera pabeseni, zonsezi zimalowa m'nkhokwe yomweyo. Za tiyi wochepetsa thupi amene amamutsatsa pa WhatsApp sindinenapo zambiri. Wambiri amangotsegula m'mimba, ndipo chimene chimachoka ndi madzi pamodzi ndi ndalama.

Chovuta kwambiri sichinali njala. Anali apongozi anga aakazi. Patatha miyezi itatu, makilogalamu 5 atachoka ndipo kolala ya shati itayamba kulendewera, anabwera m'mawa wina n'kundiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Apongozi, ndiuzeni zoona. Mwana wangayu akudwala chiyani? Kapena mwayambana?"

"Iyayi amayi, sakudwala. Achipatala ndiwo anati achepetse thupi chifukwa cha BP."

"Chipatala chake chiti chouza munthu kuti aonde? Ndiye mpaka mgaiwa, ngati ali kundende?"

Sindinawaseke, ndipo sindifuna kuti wowerenga awaseke. Mayi amenewa anaona njala ya 2002, pamene anthu kuno ankadya mizu ndi gaga. Anaika m'manda achibale m'zaka za kaliwondewonde, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, nthawi imene munthu akayamba kuonda anthu ankayamba kunong'ona. Pa moyo wawo wonse, aliyense amene anamuona akuonda ankapita kumanda. Thupi la mwana wawo linali umboni woti banja lawo linapulumuka. Ndiye ine, mwana wa eni, ndikulichotsa ndi supuni.

Ndipo mbali ina akunena zoona. Kuonda kumene munthu sanakufune, makamaka kukabwera ndi chifuwa, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, n'kofunika kuthamanga nako kuchipatala, chifukwa TB, HIV ngakhale matenda a shuga enieniwo amaondetsa. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa si woti azichepetsa chakudya. Amene akumwa mankhwala a shuga asadule chakudya asanafunse achipatala, chifukwa shuga akhoza kutsika mpaka kukomoka. Ndipo amene aona kuti thupi lakwera atayamba mankhwala ena aliwonse asawasiye payekha, akafotokoze kumene amalandirako.

Chimene chinawafewetsa apongozi si masamu anga. Bambo anawatenga pa njinga yamoto tsiku la sikelo, ndipo namwino anawafunsa za matenda a malemu amuna awo, n'kuwafotokozera mmene BP imaphulitsira mtsempha mu ubongo. Anawayeza nawonso. Sanavomere pakamwa, koma anasiya kutumiza mandasi.

Ana athu atatu ndi nkhani ina imene inandisowetsa tulo. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015–16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyeso, pamene ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mavuto awiriwa amapezeka m'mudzi umodzi, nthawi zina pa mphasa imodzi. M'kalasi mwanga muli ana amene amabwera osadya kanthu, ndipo sindingaime pamaso pawo n'kumanyoza mafuta kapena nsima. Choncho mphika ndi umodzi koma mbale n'zosiyana. Wamng'ono ndimamuthirira nsinjiro ndi kasupuni ka mafuta m'phala lake, ndipo magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa ndimayesetsa kuti aoneke pa mbale za ana. Chimene tinachepetsa kwa onse ndi shuga ndi mchere basi. Kale bambo ndi mwana wamwamuna wamkulu ankadyera mbale imodzi, ndipo pa mbale yotero palibe amene amadziwa kuti wadya zingati. Tsopano aliyense ali ndi yake.

Kuyenda nako kuli ndi mlandu wake kuno. Mwamuna amene ali ndi njinga yamoto akamaoneka akuyenda pansi mbandakucha, wopanda katundu, osapita kumaliro kapena kuchigayo, anthu amafunsa. Ena anati njinga alanda angongole. Mayi wina anafunsa mnzake, mokweza kuti ndimve, kuti munthu woyenda nthawi ya afiti amakhala akuchokera kuti. Bambo anayamba kunyamula khasu paphewa kuti anthu asiye kuwafunsa, ndipo popeza khasu linali kale paphewa, anayamba kufika nalo kudimba. Tsopano amalima okha mizere ingapo m'mawa uliwonse asanatsegule okala, ndipo masamba amene amadzaza mbale yawo amachokera komweko. Lamlungu amatulutsa njinga yakapalasa ija, imene inali itachita dzimbiri pakhonde, n'kupalasa mpaka ku Mua kukwera kamtunda kopita ku mishoni. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala zonsezi ziyenera kutha isanakwane 7 koloko, apo ayi dzuwa la kuno limagwetsa munthu.

Mwezi wachisanu sikelo inaima pa 82 ndipo inakhala pomwepo masabata asanu ndi limodzi. Zimenezi zimachitikira pafupifupi aliyense. Thupi laling'ono limatentha zochepa kuposa lalikulu, njala imakula, ndipo timasupuni timayamba kudzazanso mwakachetechete. Inalinso nyengo yokolola mpunga, ndipo mpunga watsopano wa Kilombero ukamanunkhira m'nyumba palibe amene amawerenga zipande. Bambo anafuna kusiya kudya masana kuti afulumize, koma munthu wosala masana amabwezera madzulo, ndiponso mankhwala awo safuna munthu wofooka padzuwa. Tinangobwerera ku sikelo ya muokala, n'kuyezanso zonse monga poyamba, ndipo mtanda wina umodzi unachoka pa chakudya cha masana.

Pamene ndikulemba pano papita miyezi khumi. Akulemera makilogalamu 79, pamimba ndi masentimita 95. BP ya ulendo wapitawu inali 134 pa 84, ndipo mankhwala akumwabe, chifukwa amene anawayambitsa ndiwo adzanene za kusiya. Shuga wabwerera m'malire. Mutu uja unasiya. BMI yawo ndi 28, kutanthauza kuti pa tchati cha kuchipatala akadali opitirira, ndipo kumsika palibenso amene amandiyamika.

Sabata yatha anasonkhanitsa mathalauza anayi kuti apite nawo kwa telala pa Mtakataka akawabweze m'chiuno. Apongozi anali pakhonde akusenda nandolo. Anaitanitsa mathalauzawo, anawatembenuza mmodzimmodzi kuona msoko, kenaka anamuuza mdzukulu wawo amene ankawanyamula kuti akanene kwa atelala kuti nsalu yotsalayo asaidule, angoipindira mkati.